Makalata a Omvera: "Ine Ndimangotumidwa"

Takulandiraninso, omvera athu, ku pologalamu yanu ya makalata. Afika ambiri sabata ino, koma ndasankhapo atatu chifukwa onse akukhudza kuona mtima. Mayina sinditchula, monga mwa nthawi zonse.

Yoyamba yachokera kwa mnyamata wogwira ntchito pakampani yopikulitsa katundu. Akuti: "Abwana anga amandiuza kuti ndizifufuta madeti pa katundu amene nthawi yake yatha, n'kumata atsopano. Ndikazengereza amati, 'Ndinakulemba ntchito kuti uziganiza kapena uzimvera?' Ndili ndi mkazi ndi mwana wakhanda. Tulo sindikuliona, koma ine ndimangotumidwa. Kodi mlandu ndi wanga?"

Achimwene, mlandu ndi wa abwana anu, inde, koma ndi wanunso, chifukwa dzanja lomata detilo ndi lanu. Ndikudziwa kuti si yankho limene mumafuna, choncho imvani nkhani iyi.

Mu September 2015 zinaululika kuti kampani ya Volkswagen ya ku Germany inaika pulogalamu yachinyengo m'makompyuta a magalimoto ake oyendera dizilo. Galimoto inkazindikira kuti ikuyesedwa, n'kuchepetsa utsi woipa. Ikangobwerera pamsewu, utsiwo unkatha kuwirikiza mpaka ka 40 kuposa mlingo wololedwa ku America. Magalimoto okhudzidwa anali pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse. Mkulu wa kampaniyo, Martin Winterkorn, anatula pansi udindo. Koma amene ndikufuna mumuganizire ndi injiniya wina, James Liang. Sanali mwini kampani, sanali pampando waukulu, anali wolembedwa ntchito ngati inuyo. Zitavuta anathandiza ofufuza, komabe mu 2017 khoti la ku America linamulamula kukakhala kundende miyezi 40. Tsiku loti zaululika, bwana amakhala ndi maloya, ndipo mawu ake oyamba amakhala akuti, "Sindinkadziwa, ndi anyamata anga."

Ndiye mutani? Sindikunena kuti mawa m'mawa mukamenye tebulo n'kusiya ntchito. Kanani chinthu chimodzi chokhacho, mwaulemu, ntchito zina zonse muzigwira ndi mtima wonse. Muzilemba penapake tsiku limene mwauzidwa, katundu wake ndi amene wakuuzani. Yambani kufufuza ntchito ina mwakachetechete. Ngati katunduyo ndi wodyedwa kapena mankhwala, pamenepo musachedwe, kadziwitseni ofesi ya boma yoona za chitetezo cha ogula. Ntchito ikhoza kukutherani, zimenezo sindingakubisireni. Koma mwatchula mwana wanu wakhanda, ndipo amene akugula katunduyo nawonso ali ndi makanda kunyumba.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wachikulire, ndipo ayilemba atapsa mtima. Akuti: "Mumatiuza za chilungamo, nanga andale? Nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Onse ndi akuba. Ine ndinasiya kuvota, ndipo ndikapeza mpata wozemba msonkho ndimazemba. Ndiperekerenji ndalama zoti ena akadye?"

Bambo, mkwiyo wanu ndikuumva, koma mawu akuti "onse ndi akuba" ndimakana nawo. Amene amasangalala nawo kwambiri ndi wakubayo, chifukwa ngati onse ali chimodzimodzi palibenso chifukwa chomulozera chala iyeyo. Wandale amene wayesetsa kusunga manja ake oyera ndiye mwamulanga, mwamuika m'gulu limodzi ndi mbava.

Komanso si zoona kuti akuluakulu sagwidwa. Richard Nixon anapambana chisankho cha pulezidenti cha 1972 ku America m'zigawo 49 mwa 50. Miyezi ingapo chisankhocho chisanachitike, anthu ogwirizana ndi komiti yomuchitira kampeni anagwidwa atathyola ofesi ya chipani chotsutsa m'nyumba ya Watergate ku Washington. Chimene chinamugwetsa kwenikweni ndi kuyesa kubisa nkhaniyo, ndipo mawu ake omwe, ojambulidwa pa matepi mu ofesi yake, ndi amene anamuyalutsa. Mu August 1974 anatula pansi udindo. Zinatheka chifukwa mlonda wa usiku anaona tepi yomatidwa pa loko wa chitseko n'kuitana apolisi, atolankhani sanatope kufunsa, ndipo oweruza anakana kuopsezedwa. Onsewo akanati "zonse zaola", bwenzi nkhaniyo itathera pachitseko pomwepo. Za msonkhozo, bambo, mwangotiuza nokha pa wailesi kuti mumatenga ndalama zimene si zanu. Ganizirani bwino dzina limene mwawapatsa andale aja.

Yomaliza ndi yaifupi. Mayi wina akuti anatola kachikwama muli ndalama zambiri ndi chiphaso, anamufunafuna mwini wake n'kumubwezera. Amuna awo mpaka lero akuwaseka, akuti ndi wopusa yekha amene angachite zotere, wina aliyense akanangoika m'thumba.

Mayi, auzeni bambowo kuti "wina aliyense" ameneyo akumunamizira. Mu 2019 magazini ya Science inafalitsa kafukufuku amene akatswiri anasiya tizikwama toposa 17,000 m'mizinda 355 ya m'mayiko 40, m'malo ngati mabanki, mahotela ndi mapositi, ponamizira kuti atola. Topanda ndalama, pafupifupi 40 pa 100 alionse eni ake anadziwitsidwa. Tokhala ndi ndalama, chiwerengero chinakwera kufika pa 51. Atawonjezera ndalamazo kwambiri ku America, Britain ndi Poland, chinafika pa 72. M'mayiko 38 mwa 40 aja, kukhala ndi ndalama m'kachikwama kunachititsa anthu kubweza kwambiri, chosiyana ndi zimene ngakhale akatswiri a zachuma ankayembekezera. Ofufuzawo anati chifukwa chimodzi n'chakuti munthu safuna kudziona yekha ngati wakuba.

Ndipo bambo a kunyumbako, ngati mukumvera, tilembereni nanunso. Mutiuze ngati mukanasekabe kachikwamako kakanakhala kanu, muli malipiro a mwezi wonse. Kalata yanu tidzayamba nayo sabata yamawa, nthawi ngati yomweyino.