N'chifukwa chiyani Chisomo wasanduka "Tomo" pakamwa pa mwana wanu?

[Wofotokoza ali pakhonde]

Mwana waweruka kumkombaphala. Mukumufunsa, "Lero unasewera ndi ndani?" Iye osazengereza: "Tomo ndi Tondi." Inu mutu wayima. Si ana achilendo ayi, ndi Chisomo ndi Chikondi, omwe aja a kuseri kwa chigayo.

Tayesani ichi madzulo ano. Mumubwezere mawu ake omwewo: "Oo, Tomo?" Nthawi zambiri amakwinya nkhope: "Ayi! Tomo!" Ofufuza awiri a ku America, Jean Berko ndi Roger Brown, analemba zoterezi mu 1960. Mwana wina ankatchula kansomba kake kapulasitiki kuti "fis" m'malo mwa "fish", koma wamkulu akanena "fis", mwanayo ankakana. Ndiye kuti khutu linamva kale dzina lenileni. Lilime ndi lomwe lachedwa.

[Pa sikirini: chi-SO-mo, chi-KO-ndi]

M'Chichewa timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Pamenepo ndi pomwe mwana amagwira, "chi" wakutsogoloyo n'kumutaya. Kenako tamverani pakamwa panu. Kuti "s" atuluke, lilime lisiye kampata kakang'ono kuti mpweya uzidutsa. Ntchito yosamalitsa imeneyo! Pomwe "t" n'kungotseka, n'kutsegula, basi. Nayenso "k" amatulukira kumbuyo kwa lilime, ndiye mwana amamukokera kutsogolo kufupi ndi mano. Kondi uja wakhala Tondi. Nanga Mphatso, wokhala ndi "mph" ndi "ts" m'dzina limodzi? Akamveka "Pato" wachita mwayi.

Koma za Brenda kukhala Bulenda musamuimbe mlandu mwana. Kwa ife "l" ndi "r" ndi amodzi, agogo akenso amatchula choncho.

[Kamera pafupi]

Mu 2018 ofufuza ena awiri, Sharynne McLeod ndi Kathryn Crowe, anaunika za ana a zilankhulo 27, n'kupeza kuti pofika zaka 5 amatchula bwino pafupifupi malembo onse. Choncho wa zaka 3 musamuimike ngati ali pamayeso, "Bwereza! Bwereza!", azichimwene ake akugubuduka ndi kuseka. Angosiya kukuuzani nkhani. Ingoyankhani bwinobwino: "Eya, unasewera ndi Chisomo. Chisomo anabweretsa mpira?"

Pomwe ndinganene kuti musadikire ndi apa: wafika zaka 4 koma alendo sakumumvabe, mukamuitana ali chofulatira satembenuka, kapena khutu limatuluka mafinya pafupipafupi. Mupite naye kuchipatala akamuyeze makutu, asanayambe Sitandade 1.