Valavu ikakana kuyenda, yamba ndi mpweya

Eya mphwanga, ndamva za valavu ija ikukana kutseguka. Usathamangire sipanala ayi, tamvera kaye. Choyamba uwauze aku control room ayike lupu, makina oyendetsa valavuyo okha, pa manual, apo ayi stem, kandodo kotsegula ndi kutseka valavu, idzasuntha yokha dzanja lako lili pomwepo, zala zimapita choncho.

Ukatero pita pa regulator ya mpweya, kachipangizo kochepetsa presha ya mpweya woyendetsa valavu, uyang'ane geji. Nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo, presha yatsika kapena fyuluta yadzaza madzi, tsegula kadireni kapansi kaja uone, ine tsiku lina ndinakhetsa madzi akuda bii pafupifupi theka la kapu, valavu yomwe anthu ankati yafa inayenda ngati yatsopano. Utcherenso khutu, ukamva kuti tsiii paka madzi a sopo pa majointi a timapaipi uone pochita thovu. Koma mpweya ukamatuluka osaleka pa kabowo ka mbali ya sipuling'i pa actuator, chimutu chokankha stem chija, ndiye kuti diaphragm, labala ya mkatimo yomwe mpweya umakankha, yang'ambika.

Mpweya ukakhala bwino, yesa siginolo pa positioner, kabokosi kolandira siginolo n'kuyika stem pamalo ofunika. Upatse 4 mA (muyeso wa siginolo ya magetsi), valavu ikhale pa ziro, 12 mA ikhale pakatikati, 20 mA ifike kumapeto, ma positioner akale a mpweya okhaokha ndi 3 mpaka 15 psi, pakati ndi 9. Usadumphe 8 mA ndi 16 mA, ndipo uyese pokwera ndi potsika pomwe, maso ali pa stem osati pa sikilini. Ikamakakamira kenako n'kudumpha kamodzin'kamodzi, kawirikawiri ndi packing, zotsekera zozungulira stem, yomwe wina anamanga kwambiri pofuna kuletsa kudontha. Chimenechi chimandipweteka mtima, munthu kumakasintha tuning ya controller, makina otumiza siginolo, tsiku lonse pamene vuto ndi manati awiri omangira packing.

Usanatseke mpweya werenga kachitsulo kolembedwa pa actuator. Ya air to open imatseka mpweya ukatha, ya air to close imatseguka yonse, ndiye udziwiretu kuti mu paipimo muchitika chiyani.

Zikafika pomasula, tseka mavalavu a mbali zonse ziwiri, tulutsa presha yotsalira, ika loko yako ndi tagi, kiyi m'thumba mwako. Sipuling'i ya mkati mwa actuator ndi yopanikizidwa, ngati pa chivindikiro pali mabawuti aatali amenewo ndi omaliza kumasula, pang'onopang'ono mosinthanasinthana, nkhope osayika pamwamba pake chonde.

Ukayesa unditumizire zomwe geji ikuwerenga ndi pomwe stem ikukakamira, pa ma mA angati.