Kumanga Kandege ka Spitfire ndi Kuika Tizinthu ta M'kati Mwake

Zikomo a tcheyamani, zikomo makolo, amayi ndi abambo, komanso inu achinyamata mwakhala kutsogoloku. Kandege aka ndikapereka kuti kayende m'manja mwanu, koma chonde kagwireni kunsi kwa mapiko pafupi ndi thupi lake, osati ku pulopela kapena ku matayala. Inu a kumbuyoko musadere nkhawa, kakufikani.

Ndege imeneyi dzina lake ndi Spitfire. Inali ndege yankhondo ya dziko la Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, yokwera munthu mmodzi yekha. Anaikonza ndi R. J. Mitchell wa kampani ya Supermarine ku Southampton, ndipo yoyamba inauluka pa 5 Marichi 1936. Mwiniwakeyo sanaione ikumenya nkhondo, poti anamwalira ndi khansa mu 1937 ali ndi zaka 42 zokha. Anzake ndiwo anapitiriza ntchitoyo, kuisintha chaka ndi chaka, mpaka zinapangidwa zoposa 20,000 za mitundu yosiyanasiyana. Za mitunduzi muzisunge m'mutu, tibwererako posachedwa.

Pabokosi ili, limene zidutswa za pulasitiki zomangira kandegeka zimabweramo, mukuona nambala yakuti 1/48. Ndiye kuti kandege kathu n'kochepa maulendo 48 poyerekeza ndi ndege yeniyeni. Spitfire ikatambasula mapiko, kuchokera nsonga iyi kukafika nsonga inayo pali mamita 11.23. Mukagawa ndi 48 mupeza masentimita 23 ndi pang'ono, ndi amene muli nawo m'manjawo. Pa muyeso wa 1/72 mupeza masentimita pafupifupi 16, pa 1/32 masentimita 35. Ana a sukulu, masamu aja si awa? Tsopano muwatembenuze. Kapulasitiki kokhuthala milimita imodzi pa kandege aka kakuimira chinthu chokhuthala pafupifupi masentimita asanu pa ndege yeniyeni. Kodi munaonapo chitseko cha ndege chokhuthala choncho? Makina a kufakitale sangathe kuumba pulasitiki yopyapyala mokwanira, motero chitseko, m'mbali mwa mpando ndi kumapeto kwa mapiko zimatuluka zonenepa. Ntchito ya mmisiri imayambira pamenepo: kupala, kuchepetsa, kuchotsa zimene zanenepa, n'kuikapo zimene a fakitale anasiya.

Abambo ambiri muno munakula mukupinda magalimoto a waya kumudzi, ndipo mukukumbuka kuti katswiri pagulu lanu sanali uja wa waya wambiri. Anali uja ankakhala pa msewu kuyang'anitsitsa lole ikaima, kuona pamene sipuling'i yagwira, pamene tayala lapadera lapachikidwa. Luso lomwelo ndi limene likufunika kuno. Ndimaona anthu akugula tizitsulo todula ta kampani ya Eduard ya ku Czech Republic, n'kumata tonse tili m'pepalamo, koma kandege kake n'kukhala kabodza, chifukwa sanayambe ayang'ana ndege yeniyeni.

Choncho musanatsegule guluu, sankhani ndege imodzi, ya mwezi umodzi, ya gulu limodzi. Ine ndinasankha ya gulu la 74 Squadron, m'chilimwe cha ku Ulaya cha 1940, nthawi imene ndege za Germany zinkaukira Britain. Amene ankatsogolera gululi kuyambira mu Ogasiti chaka chimenecho anali Sailor Malan, mbadwa ya ku Wellington kuno ku South Africa, munthu amene nkhondo itatha anatsogoleranso Torch Commando, gulu la asilikali akale lomwe linkatsutsa boma la tsankho. Zilembo ZP mukuzionazo ndi za gulu lake.

Mukasankha choncho, mafunso ambiri amadziyankha okha. Spitfire imene ndasankhayi ndi mtundu woyamba, Mk I. Pulopela yake ili ndi mapeni atatu, osati anayi ngati ya mtundu wa pambuyo wa Mk IX. Mfuti zake ndi zisanu ndi zitatu za Browning, zinayi phiko lililonse, zopanda mipope yotulukira patali kutsogolo. Tembenuzani kandegeko muone kunsi: kuphiko lamanja kuli redieta yaikulu, kuphiko lamanzere kuli kachoziziritsira oyilo kakang'ono. Pa Mk IX mbali zonse ziwiri n'zofanana. Utoto wa pamwamba ndi wobiriwira modera ndi wa dothi, kunsi ndi wobiriwira motuwa umene anayamba kupaka mu Juni 1940. Mukapaka wotuwa ngati wa m'nyanja pamwamba, mwalumphira ku Ogasiti 1941.

Tsopano tilowe mokhala woyendetsa, poti ndimo mumathera nthawi yambiri, ndipo muyenera kumalizamo musanatseke mbali ziwiri za thupi. Mukatseka, basi, dzanja silidzalowanso.

Choyamba chimene ambiri sadziwa: Spitfire ilibe pansi popondapo. Woyendetsa ankakhala pa mpando womangiriridwa ku felemu, mapazi ali pa zopondera ziwiri zokhotetsera mchira, ndipo akayang'ana pansi ankaona nthiti za ndege, mapaipi ndi mawaya. Mabokosi ena akale amakupatsani kathabwa kosalala koti muikepo mpando. Kameneko ndimachotsa. Nthitizo ndimadula kuchokera ku pulasitiki yopyapyala ya chivundikiro cha majarini, timizere tating'ono, n'kumata m'kati mwa thupi. Mapaipi ndimatenga ku waya wa kopa wa m'chaja yakufa ya foni. Mukasenda chingwe chimenecho mupeza timawaya tambiri topyapyala, ndipo kamodzi kokha ka gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita kakuimira paipi ya mamilimita pafupifupi asanu. Kaotcheni pang'ono pa kandulo kuti kafewe, kapindeni pa singano, kamateni ndi kadontho ka supaguluu kotengedwa ndi nsonga ya phini. Botolo la guluu lisayandikire kandege.

Kumanzere kwa woyendetsa kuli kandodo kowonjezera moto wa injini. Kumanja kuli chokwezera ndi kutsitsira matayala, ndipo pa ndege zoyambirira chinali chopopa ndi dzanja, munthu akunyamuka kumene n'kumapopa. Pakati pa miyendo pali ndodo yowongolera, yomwe pamwamba pake pali mkombero wogwirira, wokhala ndi batani lowombera mfuti ndi kachitsulo ka mabuleki. Kumbuyo kwa mpando kuli mabotolo a mpweya, ndiponso chitsulo chotchinga mutu ku zipolopolo. Zonsezi n'zotheka kupanga. Botolo la mpweya ndi kachidutswa ka felemu ya pulasitiki ija imene zidutswa zimabweramo, kozunguliridwa kumapeto ndi sandipepa. Malamba a pa mpando ndimadula ku tepi ya pepala, ndipo ndimawalola agwe mopindika, limodzi litakhota pang'ono, chifukwa lamba wa nsalu sagona mowongoka. Mawotchi a kutsogolo ndimawapenta akuda, kenako m'kabowo kalikonse ndimadonthezamo vanishi wowala kuti aoneke ngati ali ndi galasi.

Mayi mwafunsa bwino: zonsezi zidzaoneka tikatseka? Zambiri sizioneka, mayi, ndipo sindikubisirani. N'chifukwa chake timasiya chitseko cha kumanzere chotsegula ndi galasi la pamwamba lokankhidwira kumbuyo, kuti kuwala kulowe. Komabe amene wapinda yekha paipi iliyonse amadziwa kumene ikuchokera ndi kumene ikupita, ndipo mwana amene wadziwa zimenezo pa ndege sadzavutika kumva za mapaipi a mabuleki a minibasi.

Pachitseko cha Spitfire zambiri pali kachitsulo kotswera galasi likakanirira. Anthu ambiri amakapenta kofiira chifukwa anaona choncho pa ndege zokonzedwanso masiku ano. Kufiirako kunabwera nkhondo itatha. Ndi zomwezo ndi tizitseko ta kumbuyo kwa mapiko totsika ndege ikamatera. Tikatsika timakongola, ndipo timagulitsidwa ta chitsulo, koma oyendetsa Spitfire ankatikweza akangotera chifukwa tinkatchinga mphepo yodutsa mu redieta, injini n'kutentha. Ndege yoimikidwa pansi siyenera kukhala nato totsika. Kuwonjezera chinthu chimene sichinalipo sikukometsa kandege, n'kukaipitsa kumene.

Apa nditchuleko mwayi umene tili nawo ife okhala kuno ku Joni. Ku Saxonwold, pafupi ndi malo osungira nyama aja, kuli nyumba ya zakale ya Ditsong National Museum of Military History, ndipo muli Spitfire yeniyeni, ndege inanso yankhondo ya Britain yotchedwa Hurricane, ndi ndege za Germany za nthawi yomweyo. Makolo, atengeni ana mukaone. Kungoti Spitfire ya kumeneko ndi ya mtundu wa pambuyo, motero mukaphunzire maonekedwe a phiko, kaimidwe ka matayala ndi kagwiridwe ka malata, koma za 1940 muzitsimikize pa zithunzi za 1940.

Mukamaliza m'kati, yesani kaye mbali ziwirizo popanda guluu. Zikapanda kukumana bwino, palani pamene pakutsekereza, musakanikize ndi mphamvu. Guluu wa pulasitiki samata ngati wa nsapato, amasungunula pulasitiki mbali zonse ziwiri kuti zilowerane, ndiye mukathira wambiri mumasungunula ndi zimene simunafune. Pakauma, mzere wolumikizira uja muufafanize ndi sandipepa wonyowa, kuyambira wokhakhala kumalizira wosalala. Mizere ya malata imene yafufutika muibwezeretse ndi singano, mutatsamiritsa pa tepi yolimba. Kenako yang'anani kandegeko kuchokera kutsogolo: mapiko onse awiri akwere mofanana, mchira uime chilili. Kandege kopendekeka sikapulumutsidwa ndi tizinthu ta m'kati ngakhale titachuluka bwanji.

Za timisomali ta malata pali nkhani yosangalatsa. A Supermarine ankafuna kudziwa ngati n'koyenera kugwiritsa ntchito timisomali ta mitu yosalala thupi lonse, poti timadya nthawi ndi ndalama. Anatenga nsawawa zouma zong'ambidwa pakati n'kuzimata pamwamba pa timisomali ta ndege yoyamba ija, kuti zikhale ngati mitu yotukuka, n'kuiulutsa. Liwiro linatsika. Kenako ankazichotsa mzere ndi mzere mpaka anadziwa pamene mutu wotukuka ukuwononga ndi pamene suwononga. Choncho musabowole timabowo thupi lonse mwachisawawa. Pa mapiko panali posalala. Ndiponso chikhotetso cha kumchira ndi timapiko ta kumapeto toyendayenda, mu 1940 tinali tokutidwa ndi nsalu, osati malata.

Popenta, utoto usungunuleni upyapyale ngati mkaka, mupake kangapo mopepuka, mukudikira uume. Kupaka kamodzi kokhuthala kumakwirira mizere yonse imene mwavutikira. Makina opopera utoto ndi abwino, koma burashi yofewa yophwatalala imagwira ntchito, musalekere kuti mulibe ndalama. Zilembo ndi zizindikiro zimabwera pa pepala loviika m'madzi. Muziike pamalo opakidwa vanishi wowala, chifukwa pa utoto wosawala mpweya umatsalira kunsi, chizindikiro n'kumaoneka chotuwa m'mbali. Mukamaliza mupake vanishi wosawala pamwamba ponse, kupatula galasi.

Chotsiriza ndi kukalambitsa kandege, ndipo apa m'pamene ndimakonda kwambiri, poti pamafotokoza mmene ndegeyo inkagwirira ntchito. Injini ya Rolls-Royce Merlin, ya masilinda 12, inkasiya utsi wotuwa mofiirira m'mbali mwa thupi kuchokera ku mapaipi a utsi, ukupindika motsatira mphepo ya pamwamba pa phiko. Ndimapala choko cha ojambula n'kupaka ndi burashi youma. Oyilo ankadontha kunsi n'kuyenderera chakumbuyo. Pa tsinde la phiko lamanzere utoto unkasupuka chifukwa m'pamene woyendetsa ndi amakanika ankaponda pokwera, ndipo pensulo ya siliva imakwanira pamenepo. Onani timabala tofiira kutsogolo kwa mapiko. Amenewo anali tinsalu tomatidwa pa mabowo a mfuti kuti fumbi lisalowe ndiponso kuti mfuti zisaume ndi chisanu cha m'mwamba. Chipolopolo choyamba chinkaboola kansaluko. Amakanika akaona ndege ikutera tinsalu titang'ambika, ankadziwiratu kuti mnyamata wawo wakumana nazo. Mfuti iliyonse inkanyamula zipolopolo 300, zongokwana masekondi pafupifupi 15. Ndiye sankhani: kandege kanu kakupita kunkhondo kapena kakubwerako? Ngati tinsalu tili bwinobwino, musapake mwaye wa mfuti kumbuyo kwake. Ndipo musachulutse dothi. Ndege zambiri za chilimwe chimenecho sizinkakhalitsa mpaka kufika pokalamba, chimodzimodzi anyamata ambiri amene ankaziyendetsa, ena a zaka 19 kapena 20, amsinkhu wa ana athu ali kutsogoloku.

Makolo, mawu awiri a chitetezo. Mpeni wodulira pulasitiki ndi wakuthwa ngati lezala, mwana azidulira kutali ndi chala, pa thabwa. Guluu ndi utoto azigwiritsa ntchito zenera lili lotsegula. Zidutswa za resin, zooneka ngati pulasitiki zimene ena amagula zowonjezera, zikamapalidwa zimatulutsa fumbi loipa m'mapapo, motero azipalira m'madzi.

Kwa oyamba kumene, musathamangire 1/48. Gulani ka kampani ya Airfix ka 1/72, n'kotchipa ndipo zidutswa zake n'zochepa. Kamangeni monga kalili, muphunzire kulumikiza ndi kupenta, kachiwiri ndiye muyambe kuika malamba ndi mawaya. Amene mukufuna kuyesa lero, bwerani ku tebulo lino anayi anayi. Ndayatsa kandulo, ndikuonetsani kukoka felemu ya pulasitiki kuti isanduke ulusi wa wailesi, uja umachoka pa kamtengo ka kumbuyo kwa woyendetsa kukafika pamwamba pa mchira. Atsikana, yambani ndinu.