Kushoni ya SPF 50 ija siyokwanira, ngakhale ku Korea komweko

Moni nonse, takulandiraninso pa tchanelo! Lero tikukamba zoteteza khungu kudzuwa, makamaka kushoni, chopaka kunkhope cha ku Korea. Tili ku South Korea, komwe nthawi yotentha mu Seoul mumaona azimayi atavala zipewa zophimba nkhope yonse, mikono yonse itaphimbidwa, ambulera ili m'manja kulibe ndi mvula yomwe. Ku Daegu kumatentha mpaka anakutcha Daefrica, kuphatikiza Daegu ndi Africa, ndipo akuluakulu a mzindawo anachita kampeni yoti abambonso azifunda ambulera padzuwa.

Choyamba, mwachangu: SPF ndi PA ndi miyezo yolembedwa pa zopaka yosonyeza mmene zimatchingira cheza cha dzuwa. SPF ndi ya cheza cha UVB, chimene chimawotcha, PA ndi ya cheza cha UVA, mapulasi anayi (PA++++) ndiye pamwamba. UVA imadutsa pagalasi, m'basi mumakhala muli padzuwabe.

Chachiwiri, kwa amene ali ndi lupus, nthenda imene chitetezo cha m'thupi chimaukira thupi lomwelo, dzuwa limadzutsa matenda, a vitiligo pamawanga oyera paja palibe melanin, chimene chimadetsa khungu, ndiye pamapsa msanga, a melasma, nthenda ya mawanga akuda kunkhope imene ku Korea amati gimi, mawanga amangoderaderabe.

Musanapitirize dinani subscribe abale, ambiri mumangowonera n'kuthawa!

Chachitatu, apa ndiye pamandipweteka. Munthu akuti "kushoni yanga yalembedwa SPF 50+, ndatetezeka." Ayi ndithu! Kushoni ndi foundation ija ya m'kabokosi yokhala ndi siponji, a IOPE, opanga zodzola a ku Korea, anaitulutsa mu 2008 ndipo inafala dziko lonse. Nambala ya pabokosiyo sinama, koma poyesa amapaka mamiligalamu 2 pa sikweya sentimita iliyonse ya khungu. Kunkhope ndiye kuti mizere iwiri yodzaza zala ziwiri. Taonani ndikufinyira apa, mwaona kuchuluka kwake? Ndani amapaka foundation yochuluka chonchi? Munthu amangoti pha pha pha kasiponji kaja pamasaya, pamphumi pang'ono, makutu ndi khosi osafikako n'komwe, kenako thukuta la mu August, chinyezi chili tho, pofika masana zonse zapita. Kwa wa lupus zimenezi si nkhani ya kukongola ayi, ndi thanzi lake.

Sindikuti muitaye kushoniyo. Melasma imaderanso chifukwa cha kuwala komwe timaona ndi masoku, ndipo iron oxide wa m'zopaka zamtundu amatchingako. Ndiye sunscreen, mafuta oteteza khungu kudzuwa aja, yokwanira pansi, kushoni pamwamba, mukakhala panja mubwereze pakatha maola awiri.

Chachinayi, chipewa ndi mthunzi, basi.

Ngati khungu lanu limayabwa mukapaka, yesani sunscreen yokhala ndi zinc oxide ndipo muonane ndi dokotala wa khungu. Lembani m'makomenti mumapaka zala zingati, vidiyo ya zinc oxide ikubwera Lachisanu.