Flower kapena Taylor? Konzekerani mtsutso wa Loweruka motere

Madzulo abwino nonse a m'gulu lathu la kriketi. Ndi mphunzitsi wanu. Ndikujambula uthengawu ndili pakhonde chifukwa m'nyumbamu simukukhalika ndi kutentha, ndiye mukamva njinga zamoto zikudutsa musadabwe. Ndi wautali ndithu, koma mumvetsere mpaka kumapeto. Amene bando yamuthera abwereke foni ya mnzake.

Loweruka lapitali titaweruka, ndinakupezani pansi pa mango paja mukukangana. Wina akuti Brendan Taylor ndiye katswiri woposa onse amene Zimbabwe inakhalapo naye, wina akuti ayi, ndi Andy Flower, chifukwa bambo ake anamuuza choncho. Mtima wanga unakondwa, chifukwa kuno ku Mangochi anthu amakanganirana Bullets ndi Wanderers basi, ndipo kumva ana akukanganirana kriketi ndi chinthu chimene ndakhala ndikuchilakalaka. Chinandidandaulitsa n'chimodzi: aliyense amangotola nambala imodzi n'kuyamba kukuwa nayo. Ndiye Loweruka likubwerali tichita mtsutso weniweni, ndipo nayi ntchito yanu.

Tengani kope. Mutsegule masamba awiri oyang'anizana, lamanzere la Flower, lamanja la Taylor. Pamwamba penipeni, musanalembe rani ngakhale imodzi, lembani zaka. Flower anasewerera dziko lake kuyambira 1992 mpaka 2003. Taylor analowa mu 2004. Mwaona? Wina akutuluka pakhomo, wina akulowa. Ndasankha awiriwa chifukwa ntchito yawo inali yofanana: onse omenya mpira, onse anavalapo magolovesi kumbuyo kwa mawiketi, onse anakhalapo makaputeni. Osayerekeza womenya ndi woponya, kumeneko n'kufunsa kuti chokoma n'chiti pakati pa nsima ndi ndiwo.

Tsopano tamverani bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Ambiri a inu muli ndi agogo amene anali asodzi ku Malombe kapena ku Makawa. Kawafunseni za kale. Adzakuuzani kuti munthu ankapalasa bwato ndi nkhafi, osapita patali, n'kubwerako chambo chili tho. Lero mnyamata ali ndi boti la injini, nyali zowala, chilimira chachikulu, amagona panyanja usiku wonse, koma chambo chija chinachepa. Kodi msodzi weniweni ndi uti? Mukangowerenga nsomba, mwamulakwira mnyamatayo. Mukangoyang'ana zipangizo, mwawalakwira agogo. Funso labwino ndi ili: pa doko lawo, m'masiku awo, agogowo ankaposa anzawo motani? Nanga mnyamatayu akuposa anzake a lero motani? Kriketi ndi chimodzimodzi. Muyambe mwamuyeza munthu ndi anzake a nthawi yake, kenaka muyerekeze mipata iwiriyo.

Tsamba lililonse muligawe patatu: Test, ODI, T20. Osaphatikiza marani a mitundu itatuyi, chonde. Test ndi ya masiku asanu, ODI maova 50, T20 maova 20, ndipo mutu umene munthu amalowa nawo m'bwalo ndi wosiyana. Pa gawo la T20 la Flower mungojambula mzere. Masewero oyamba a T20 pakati pa matimu a amuna a mayiko anachitika mu 2005, iye atasiya kale. Si kulephera kumeneko, masewerowo kunalibe.

Chotsatira, avereji muiwerengere nokha, musangokopera pa intaneti. Mumatenga marani onse n'kugawa ndi nthawi zimene munthuyo anatulutsidwa, osati nthawi zimene analowa. Chitani ndi Flower pompano. Anasewera ma Test 63, analowa kukamenya ka 112, koma ka 19 sanatulutsidwe. Chotsani 19 pa 112, patsala 93. Marani ake ndi 4794. Gawani ndi 93, mupeza 51 ndi theka. Mu Test, munthu wa avereji yopitirira 50 ndi wa m'gulu la akuluakulu a dziko lonse lapansi, ndipo kumbukirani kuti uyu m'masewero ambiri amakhala atanjuta kumbuyo kwa mawiketi tsiku lonse, miyendo ili phwii, kenaka n'kuvala mapadi kukamenya. Iwe amene umatigwirira kumbuyo, ukudziwa mmene ntchafu zimawawira pakangotha maova 20. Za Taylor mukafufuze nokha n'kuwerengera chimodzimodzi. Mupeza kuti avereji yake ya Test ili pansi ndithu pa ya Flower. Mulembe, koma musatseke kope.

Musatseke chifukwa pali funso limene ana ambiri salifunsa: munthuyu anapatsidwa mpata wochuluka bwanji? Taylor anabadwa mu 1986. Anaponyedwa m'timu ali ndi zaka 18, chaka chimene Heath Streak anachotsedwa pa ukaputeni ndipo osewera ambiri odziwa anachoka naye. Tatenda Taibu anapatsidwa timu ali ndi zaka 20 zokha. Ana okhaokha, opanda wamkulu wowaongolera. Ndiye Zimbabwe itasewera ndi India mu 2005, sinasewerenso Test mpaka 2011. Werengani zala: Taylor kuyambira zaka 19 mpaka 25 sanalawe Test ngakhale imodzi, ndipo zimenezo ndi zaka zimene womenya mpira amaphunzira kudekha. Atabwerera mu 2011 ku Harare, iye ali kaputeni, anamenya century, kutanthauza marani 100 kapena kuposa, ndipo anagonjetsa Bangladesh. Mu 2013 anamenya 171 ndi 102 osatuluka m'masewero amodzi, n'kudzabwerezanso ma century awiri m'masewero amodzi ku Dhaka mu 2018. Ine ndikaganiza za zaka zisanu ndi chimodzi zija zimandipweteka. M'kope mwanu mulembe mzere wakuti "zaka zotayika", ndipo muziwerengere.

Flower naye musamusiye opanda mzere umenewu. Anachoka m'timu mu 2003, pambuyo poti iye ndi Henry Olonga anavala nsalu zakuda pamkono pa World Cup podandaula za ulamuliro wa m'dziko lawo. Anali asanathe mphamvu, anapitiriza kusewerera Essex ku England.

Kenaka lembani kuti marani amenewo anawapeza kwa yani. Apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo. M'masiku a Flower, kumbali inayo kunkabwera akatswiri oponya mpira monga Wasim Akram ndi Waqar Younis, Allan Donald ndi Shaun Pollock, Courtney Walsh, Muttiah Muralitharan. Mu 2000 ku India, m'ma Test awiri okha anapeza marani 540, ndipo ku Nagpur anamenya 232 osatuluka, pa bwalo la eni ake odziwa kuzunguza mpira. Chaka chotsatira ku Harare, polimbana ndi South Africa, anamenya 142, n'kubwereranso kukamenya 199 osatuluka. Anzake onse anatha, iye atatsala ndi rani imodzi kuti akwanitse 200. Ndipo timu inagonjabe. Mutu umodzi susenza denga, ana inu. Chaka chimenecho anafika pa nambala wani pa omenya mpira onse a Test padziko lapansi, mnyamata wa timu yaing'ono yoyandikana nafe konkuno. Mpata umene ndimanena uja ndi umenewu. Taylor ma Test ake ambiri anali olimbana ndi Bangladesh, New Zealand, Sri Lanka, Pakistan, chifukwa matimu ena akuluakulu anasiya kuiyendera Zimbabwe kawirikawiri. Si mlandu wake, koma n'zoona, ndiye zilembedwe.

Tikafika ku ODI, a Taylor musangalale pang'ono. Flower ali ndi ma century 4, Taylor ali ndi 11, ndipo marani awo onse ndi oyandikana kwambiri. Pa World Cup ya 2015 Taylor anamenya 121 ndi Ireland, masewero otsatira 138 ndi India. Zimenezo palibe angamulande. Koma musanaimbe nthungululu, lembani m'munsi zimene zinasintha. Kuyambira 2011, ODI inayamba kuseweredwa ndi mipira iwiri yatsopano, wina mbali iyi wina mbali iyo, ndiye mpira umakhala wolimba nthawi yaitali ndipo umathamanga ukamenyedwa. Malamulo a powerplay anachepetsa ogwira mpira kunja. Kunabwera free hit, mpira umene womenya amaumenya mopanda mantha woponya akalakwitsa. Mabati ananenepa mpaka mu 2017 anachita kuikirapo malire a makulidwe. Ndikupatseni chitsanzo chimene ndimachikonda. Tsiku loyamba Flower kusewerera dziko lake, pa World Cup ya 1992 ku New Plymouth, anamenya 115 osatuluka, Zimbabwe inapeza 312. Sri Lanka inawapitirira, ndipo kanali koyamba m'mbiri ya ODI kuti timu ithamangitse marani opitirira 300 n'kupambana. Dziko linadabwa. Lero 312 ikathamangitsidwa anthu amangoti masewero anali abwino. Ndiye century ya 1992 ndi ya 2015 kulemera kwake n'kosiyana, monga K100 ya nthawi imene makolo anu anali pasukulu ndi K100 ya lero.

Za makamera mungodutsapo mwachidule: Flower sakanatha kupempha kuti ayang'anenso pa kanema woimbira akalakwitsa, chifukwa DRS inayesedwa koyamba mu 2008. Kulakwitsa kwina kunkamupweteka, kwina kunkamupulumutsa, ndiye mbali iyi musaikepo mtima kwambiri.

Ndikudziwa kuti wina wa ku Mpondasi uja akufuna kale kufunsa za Sikandar Raza. Inde mwanawe, ndinakumva. Raza anamenya 133 pa mipira 43 ku Nairobi mu 2024, Zimbabwe n'kupeza 344 m'maova 20. Werengera strike rate yake: marani kugawa ndi mipira, kuchulukitsa ndi 100, upeza 309. N'zoopsa. Koma funso lija libwerenso, anamenya kwa yani? Inali Gambia, timu yaing'ono ngati ife. Ukafuna kumuikira kumbuyo Raza, usayambire pamenepo. Yambira ku Perth mu 2022, pamene anagwetsa mawiketi atatu ndipo Zimbabwe inagonjetsa Pakistan ndi rani imodzi yokha pa T20 World Cup. Apo ndiye pali umboni wolemera. Komabe Raza amamenya n'kuponyanso, ntchito yake ndi ina, timusungire mtsutso wake. Oponya mpira nawonso tidzawapatsa tsiku lawo, Streak ndi mawiketi ake 216 a Test mbali iyi, Blessing Muzarabani mbali iyo.

Mukufuna kudziwa maganizo anga? Sindibisa. Mu Test ndi Flower, ndipo si pafupi. Mu ODI ndimagwedezeka, tsiku lina ndimati Taylor, chifukwa kumenya century 11 uli m'timu yomwe ikungogwa n'kudzuka si masewera. Koma Loweruka sindikufuna kumva mawu angawa akubwerezedwa. Amene adzati "aphunzitsi anatero" adzakhala pansi.

Pomaliza ntchitoyi, pansi pa tsamba lililonse lembani ziganizo ziwiri zokha: chinthu chimodzi chimene munthuyu anachita chimene mnzakeyo sakanatha, ndi chinthu chimodzi chimene mungatengereko inuyo mukalowa m'bwalo lathu lafumbi lija. Amene muli ndi mwayi wa intaneti, onerani pa YouTube mmene Flower ankamenyera reverse sweep kwa ozunguza mpira, muyang'ane mutu wake mmene umakhalira bata, ndi mmene Taylor amakwezera mpira wothamanga pamwamba pa wogwira kumbuyo. Muonere limodzi atatu atatu kuti bando isapweteke munthu mmodzi.

Ndipo kuti mudziwiretu: amene mumakonda Flower mudzayankhulira Taylor, amene mumakonda Taylor mudzayankhulira Flower. Atsikana ndi anyamata ndidzakusakanizani ndekha. Gulu lililonse mphindi zisanu, kenaka mafunso. Tidzayamba 7 koloko m'mawa dzuwa lisanakwiye, mtsutso ukatha tilowa m'bwalo. Bwerani ndi kope, cholembera ndi botolo la madzi, ndipo amene anatenga mpira wofiira uja abwere nawo. Mugone bwino.