Munalemba wilu, koma munaiwerenganso liti?

[Wofotokoza wakhala patebulo, akuyang'ana kamera]

Moni nonse amene mukutionera, kaya muli ku Mzuzu, ku Nsanje, ku Joni kapena ku Mangalande. Lero ndikucheza ndi inu amene munalemba kale wilu. Munasaina, mboni zinasaina, pepalalo munalipinda n'kuliika pansi pa sutikesi, mtima n'kukhala m'malo. Munachita bwino kwambiri, ndipo ambiri sanafike pamenepo. Koma pepala lija limadziwa za tsiku limene linalembedwa basi. Silidziwa kuti munakwatiranso, silidziwa kuti kunabadwa mwana, silidziwa kuti puloti ija munagulitsa. Lili ngati yunifolomu imene munasoketsa mwana ali Sitandade 1: inamukwana bwino nthawi imeneyo, koma lero mwanayo ali Folomu 4.

[Pazenera: UKWATI]

Tiyambe ndi chimene chimadabwitsa anthu ambiri. Chuma cha masiye kuno ku Malawi chimayendetsedwa ndi lamulo la 2011, Deceased Estates Act, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1967. Lamuloli limati munthu akalemba wilu, kenako n'kulowa m'banja, wilu ija yatha mphamvu. Imapulumuka pokhapokha ngati inalembedwa poyembekezera ukwati womwewo, ndi munthu yemweyo.

Tiyerekeze bambo amene mkazi wake anamwalira. Mu 2016 bamboyu akulemba kuti nyumba yake ya ku Area 25 idzakhale ya ana ake atatu. Mu 2020 akupeza mayi wina, akumanga banja. Iye mumtima akuti, za ana anga ndinakonza kale. Tsiku limene adzatisiye, ana adzatulutsa pepala lija, ndipo adzauzidwa kuti bambo awo anamwalira ngati munthu amene sanasiye wilu. Zikatero lamulo ndilo limagawa: limayang'ana mkazi, ana, ndi ena amene ankadalira malemuyo, ndipo katundu wa m'nyumba amatsala ndi mkazi. Kagawidwe kameneka si koipa, kanapangidwa kuti kateteze amasiye. Koma si zimene bambo uja anafuna, ndipo mayi wachiwiriyo, amene sanalakwe chilichonse, ndiye adzatchedwe wakuba mpaka kalekale. Chidani chimenechi chikanapewedwa ndi tsiku limodzi lokhala pansi n'kulembanso.

Wina anena kuti, ife sitinapite kutchalitchi, tinangochita chinkhoswe. Musadalire zimenezo. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wachikhalidwe, ndipo onsewa limawaona mofanana. Ngakhale anthu amene akhala limodzi ngati banja kwa zaka zisanu, khoti lingathe kunena kuti ndi okwatirana.

Nanga banja likatha? Apa vuto lalikulu ndi la anthu amene anangosiyana. Mayi anabwerera kwawo, bambo ali ndi wina, papita zaka khumi, koma kukhoti sanapiteko. Pamaso pa lamulo anthu awiriwa akadali mwamuna ndi mkazi wake. Ndipo ngakhale ukwati unathetsedwa kukhoti, musasiye dzina lakale mu wilu kuti oweruza adzamasulire okha chimene munkatanthauza. Ngati mukufunabe kuti mayi wa ana anu adzalandire kanthu, lembani choncho momveka. Ngati simukufuna, chotsani.

[Pazenera: ANA]

Wilu imene imatchula ana ndi maina awo imasiya kunja mwana aliyense wobadwa pambuyo pake. Khoti lili ndi mphamvu yolowererapo mwana kapena mkazi akasiyidwa wopanda chithandizo, koma kuti zifike pamenepo pamafunika wina wokadandaula, ndalama zoyendera, ndi miyezi yodikira, mwanayo fizi ikumudikira.

Ndilankhule ndi abambo mwachindunji. Ngati muli ndi mwana kunja kwa banja, lamulo silimusiyanitsa ndi ana a m'nyumba. Kusamulemba sikumufafaniza. Kumangochititsa kuti akazi anu adzamuone koyamba pasiwa, ali m'manja mwa amayi ake, anthu onse akuyang'ana. Mulembeni mwanayo, ndipo ngati mungathe, nenani nkhaniyo mukadali ndi pakamwa.

Onaninso amene munamusankha kuti adzalere ana. Mwina munalemba achemwali anu pamene anali ndi mphamvu, pano akudwaladwala. Mwina ana aja anakwanitsa zaka 18, ndipo wamkulu angathe kusenza udindo umene munapatsa amalume ake.

[Pazenera: KATUNDU NDI NDALAMA]

Wilu singagawe chinthu chimene mulibe. Mukalemba kuti minibasi idzakhale ya mwana wachiwiri, kenako n'kuigulitsa kuti mumalize nyumba, mwana wachiwiriyo watsala chimanjamanja, pamene wolandira nyumba wapindula kawiri. Inu simunafune kukondera, koma pepala lakondera. Chimodzimodzi ngongole. Ngongole zimabwezedwa kaye anthu asanagawane, choncho nyumba imene munaika chikole kubanki ingadzapite, mwana amene munamulembera n'kutsala ndi dzina lokha la nyumbayo.

Palinso nkhani ya kwacha yathuyi. Mu May 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Munthu amene analemba zaka khumi zapitazo kuti amayi ake adzalandire K500,000 ankaganiza za ndalama yosamalira nkhalamba kwa nthawi ndithu. Pitani nayo kumsika lero ndalama imeneyo, muone matumba a feteleza amene mungabwere nawo. N'chifukwa chake ine ndimalangiza kulemba magawo: theka kwa uyu, gawo limodzi mwa magawo anayi kwa uyo. Gawo limakula kapena kuchepa limodzi ndi chumacho, ndipo palibe amene amadyeredwa ndi kugwa kwa ndalama kuposa mnzake.

Ndipo muwerengenso zimene muli nazo lero. Ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba, masheya a ku SACCO, za kubanki m'khonde, masheya a pa Malawi Stock Exchange, ng'ombe zimene zikusungidwa kwa achimwene kumudzi. Zambiri mwa izi zimangosowa chifukwa palibe amene ankadziwa kuti zilipo.

Za malo akumudzi samalani. Munda wa makolo umene muli kulima suli ngati puloti ya m'tauni yokhala ndi mapepala m'dzina lanu. Bambo amene ali pachikamwini angamange nyumba ya malata pamalo a kwa akazi ake, mayi amene ali pachitengwa angadzale mitengo pamalo a kwa amuna ake, koma nthaka ili ndi eni ake ndi mwambo wake. Kuchokera pa lamulo la malo a mafumu la 2016, malo otere angathe kulembetsedwa. Ngati munalembetsa pambuyo polemba wilu, chimenecho n'chifukwa chokwanira chobwereranso ku pepala lanu.

[Pazenera: FOMU YA PENSHONI]

Tsopano mvetserani bwino inu apantchito, chifukwa apa ndi pamene mabanja ambiri amalira kawiri. Kuchokera pa lamulo la penshoni la 2011, limene linakonzedwanso mu 2023, wolembedwa ntchito amadulidwa 5 peresenti ya malipiro, bwana n'kuikapo 10 peresenti. Bwana amayeneranso kukulipirirani inshulansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Kwa anthu ambiri, ndalama zimenezi ndizo chuma chachikulu kuposa china chilichonse chimene adzasiye.

Ndalama za penshoni siziyendera wilu. Zili ndi fomu yake, imene munalembapo maina a odzalandira. Kodi mukuikumbukira? Munaidzaza sabata yoyamba pantchito, muli mnyamata kapena mtsikana, a ku ofesi yoona za antchito akukufulumizitsani. Munalembapo amayi anu ndi mng'ono wanu, chifukwa nthawi imeneyo banja lanu linali lomwelo. Lero amayi anatisiya, mng'ono uja ali ndi banja lake, inu muli ndi ana anayi amene maina awo sali paliponse pafomupo. Oyendetsa thumba la penshoni akapeza fomu yosagwirizana ndi moyo wanu, amayenera kufufuza okha kuti ankadalira inu ndani. Kufufuzako kumatenga nthawi, ndipo nthawi imeneyo lendi siimaima.

Chimene chimandipweteka n'chakuti kukonza fomu imeneyi sikulira loya. Mumapita ku ofesi kwanu, kapena ku kampani imene imasunga penshoni yanu, kaya ndi Old Mutual, NICO kapena ina, mumapempha kuona fomu yanu, mumadzaza yatsopano. Ngati pa zonse zimene ndanena lero mungachite chimodzi chokha sabata ino, chitani chimenechi. Muonenso mapepala a inshulansi imene munagula panokha, ndi ya maliro. Nazonso zili ndi maina awoawo.

[Pazenera: WOYENDETSA CHUMA]

Mu wilu mumatchula munthu amene adzayendetse zonse: kusonkhanitsa katundu, kubweza ngongole, kugawa. Munthu ameneyu akadali moyo? Akadali m'dziko muno? Mukugwirizanabe? Ambiri amasankha wamkulu wa kubanja pomulemekeza, osaganiza kuti wamkuluyo angatsogole. Sankhani wina wachiwiri wogwirizira. Ndipo musankhe munthu amene angathe kuima pakhomo n'kuuza abale ake omwe kuti firiji iyi situluka. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu m'dziko muno, koma lamulo silifika lokha pamaliro, limafuna munthu wolitchula.

[Pazenera: KASINTHIDWE KAKE]

Musatenge cholembera n'kukhwatcha dzina pa wilu yakale. Musalembe m'mphepete. Kusintha kulikonse kumafuna mwambo womwe uja wa poyamba: zolembedwa, inu kusaina pamaso pa mboni zosachepera ziwiri, mbonizo kusainanso. Mboni zikhale anthu akuluakulu a mutu wabwino, ndipo zisakhale anthu amene akulandira kanthu mu wiluyo, ngakhale akazi kapena amuna awo, chifukwa wolandira akakhala mboni gawo lake limakhala pachiswe.

Ngati chosintha n'chaching'ono, mungalembe kachikalata kowonjezera kosainidwa mwa njira yomweyo. Ine ndimakonda kulemba yatsopano yonse, chifukwa mapepala akachuluka amatsutsana. Yatsopanoyo ikhale ndi deti, ndipo iyambe ndi mawu onena kuti mukuthetsa mawilu onse akale. Yakaleyo ing'ambeni, pamodzi ndi mafotokope amene munapatsa anthu. Amene alibe ndalama ya loya angafunse ku Legal Aid Bureau, ndipo ofesi ya DC ndi ya Administrator General ndi kumene nkhani za chuma cha masiye zimafikira.

Ndikudziwa kuti ena amati kugwiragwira wilu n'kudziitanira imfa. Ndimawamvetsa, mantha amenewa tinakula nawo. Koma palinso chifukwa china chosachedwera. Lamulo limafuna kuti wolemba akhale woganiza bwino. Wilu yosinthidwa munthu ali gone m'chipatala, mankhwala ali m'thupi, wachibale mmodzi yekha ali pambali, ndiyo imatsutsidwa msanga kukhoti. Sinthani muli bwinobwino, mukuyenda nokha.

[Pazenera: AMENE MULI KUNJA]

Abale a ku Joni, lamulo la kumeneko ndi losiyana. Ku South Africa kukwatira sikuthetsa wilu. Ndipo banja likatha kukhoti, mumapatsidwa miyezi itatu yokha: mukamwalira mkati mwa miyezi imeneyi, mkazi kapena mwamuna wakale salandira, koma ikadutsa musanasinthe, amalandira zonse zimene munamulembera. Ku England ukwati umathetsa wilu ngati kwathu kuno. Ngati muli ndi katundu mbali zonse ziwiri, funsani wodziwa malamulo a dziko lililonse, ndipo samalani kuti wilu yatsopano ya kumeneko isathetse mwangozi ya kumudzi ndi mawu aja oti mukuthetsa mawilu onse akale. Ilembedwe momveka kuti ikukhudza katundu wa dziko limenelo lokha.

[Wofotokoza akuyang'ananso kamera]

Kodi muzibwereza kangati? Pakachitika ukwati, kusiyana, kubadwa kwa mwana, maliro a wina amene munamulemba, kugula kapena kugulitsa chinthu chachikulu, kapena kusintha ntchito. Popanda zimenezi, ine ndimati zisadutse zaka zitatu musanaitsegule.

Mukamaliza, ganizirani kosungira. Anthu a ku Chilobwe ndi madera ena a kum'mwera anataya mapepala onse a m'nyumba usiku umodzi pamene namondwe Freddy anafika mu March 2023. Wilu ingasungidwe ku High Court, kwa DC, kwa loya kapena kubanki. Woyendetsa chuma wanu mumuuze kumene ili, ndipo akazi anu kapena amuna anu adziwe kuti ilipo yatsopano ndi deti lake, kuti wina akadzatulutsa yakale adzathe kuikana.