Sitima Zing'onozing'ono: Muyeso, Njanji ndi Fumbi

[Pa sikirini: kamutu ka sitima kali m'chikhatho, kenako kakuikidwa pa njanji]

Moni nonse owonera. Kasitima mukuona m'manja mwangamu kachepetsedwa ka 87 poyerekeza ndi sitima yeniyeni, koma kali ndi mota yake, nyali zake, ndipo kamakoka mabogi. Amene munakulira kupinda magalimoto a waya mukudziwa kale mtima wa ntchitoyi: umayang'anitsitsa chinthu chenicheni mpaka manja ako atachidziwa. Kusiyana kwake n'koti kuno chilichonse chimayezedwa ndi rula. Lero tikambirana za muyeso, kayalidwe ka njanji, ndi mmene mungasandutsire pulasitiki yonyezimira kuti ioneke ngati bogi yomwe yayenda zaka zambiri padzuwa.

Pali manambala awiri amene oyamba kumene amawasokoneza. Yoyamba ndi sikelo, kutanthauza kuti chinthu chachepetsedwa kangati. Yachiwiri ndi geji, mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji. Njanji zambiri za ku Ulaya ndi ku America zili ndi mpata wa mamilimita 1,435. Gawani nambala imeneyi ndi 87, mupeza 16.5. Umenewo ndiye muyeso wotchedwa HO, womwe ndi wofala kwambiri padziko lonse. Munthu wamtali mita 1.7 pa HO amakhala pafupifupi masentimita 2. Kuli miyeso ina yaing'ono kuposa apa: N, yomwe ndi 1:160 pa njanji ya mamilimita 9, ndi Z, ya 1:220, yomwe kampani ya Märklin ya ku Germany inatulutsa mu 1972.

Ku Britain nkhani yake ndi ina, ndipo amene muli kumeneko mukalowa m'shopu mudzapeza mabokosi ambiri alembedwa OO. Sitima za ku Britain n'zocheperako thupi poyerekeza ndi za ku America, ndipo m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 mota zamagetsi zinali zikuluzikulu, moti zinkavuta kulowa m'thupi la HO. Opanga anakulitsa thupi kufika pa 1:76 koma njanji anaisiya pa 16.5. Tisitima ta OO totchedwa Hornby Dublo titatuluka mu 1938, muyeso umenewu unakhazikika. Zotsatira zake, sitima ya OO imayenda pa njanji yopapatiza kuposa mmene iyenera kukhalira, chifukwa mpata wolondola ndi 18.83. Alipo anthu amene zimenezi zimawasowetsa mtendere, amasintha mawilo onse n'kuyala njanji yawoyawo, ya 18.2 yotchedwa EM kapena ya 18.83 yotchedwa P4. Ine ndimawalemekeza kwambiri anthu amenewa, koma woyamba kumene asayambire pamenepo.

[Pa sikirini: njanji ziwiri zagundikizidwa, ina ya 16.5, ina ya 12]

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo. Njanji ya ku Malawi, ya ku Zambia, ya ku Zimbabwe, ya ku Mozambique ndi ya ku South Africa ili ndi mpata wa mamilimita 1,067. Mukagula seti ya HO n'kupenta mutu wa sitima mitundu ya kwathu, munthu wodziwa sitima adzaona msanga kuti china chake chalakwika, ngakhale atalephera kutchula chimene chavuta. Sitima zathu thupi lake limasefukira kwambiri kunja kwa njanji, mawilo amabisala mkati. Maonekedwe amenewo ndi amene amasiyanitsa sitima zathu ndi za ku Germany.

Njira zilipo ziwiri. Gawani 1,067 ndi 87, mupeza 12.3, choncho mutha kugwiritsa ntchito njanji ya mamilimita 12, yomwe imagulitsidwa ndi dzina loti HOm, n'kumagulabe tianthu, timagalimoto ndi tinyumba ta HO. Kapena gawani 1,067 ndi 64, mupeza 16.7, kutanthauza kuti njanji wamba ya 16.5, mawilo ake ndi mota zake zikukwanirani, bola thupi mulipange pa 1:64. Anzathu a ku New Zealand, omwe njanji yawo ndi yofanana ndi yathu, akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri. Ineyo ndingasankhe yachiwiriyi, chifukwa zipangizo za 16.5 zimapezeka mosavuta ngakhale zakaunjika, ndipo zidutswa zake n'zokulirapo, zala sizivutika.

Thupilo mulipanga nokha, ndipo chimwemwe chake chagona pomwepo. Mumatenga kunsi kwa bogi yogula, komwe kuli mawilo, n'kumanga pamwamba ndi mapepala a pulasitiki otchedwa styrene. Styrene sadula mwamphamvu: mumalemba mzere ndi mpeni wakuthwa motsatira rula yachitsulo, n'kupinda, yokha imathyoka mowongoka. Zogwirira ndi makwerero mumapinda ndi waya wa brass wa theka la milimita. Ndipo bogi isapepuke. Bungwe la NMRA, la okonda sitima zing'onozing'ono ku America, limalangiza kuti bogi ya HO yotalika masentimita 15 ilemere pafupifupi magalamu 113. Yopepuka imadumpha pa njanji ikafika pokhota, makamaka ikakhala pakati pa zolemera. Matani timanati kapena tizitsulo pansi penipeni, mkati momwe simuoneka.

Zoti mutengere chitsanzo zilipo zambiri. Njanji ya Shire Highlands Railway inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje. Timitu take toyambirira ta nthunzi, Thistle ndi Shamrock, topangidwa ndi kampani ya Bagnall ya ku England, n'tating'ono ta mawilo anayi, toyenera tebulo laling'ono. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, womwe unatsegulidwa mu 1935, ndi wotalika makilomita pafupifupi 3.7, ndipo pa HO ungadye mamita 42. N'chifukwa chake palibe amene amamanga njanji yonse. Mumasankha kachigawo kamodzi, mwina mphambano ya pa Nkaya pomwe njanji yopita ku Nayuchi ndi Nacala imapatukira, kapena kasiteshoni kakumudzi kokhala ndi njanji ziwiri ndi mtengo wa mango. Thabwa lotalika mita imodzi ndi theka likukwana.

[Pa sikirini: manja akuyala njanji pa thabwa]

Sitima ikamagwa kapena kuima yokha, nthawi zambiri vuto limakhala njanji. Thabwa likhale lowongoka, lolimbitsidwa ndi mitanda kunsi kuti lisapindike nyengo yamvula. Pokhota pasathine kwambiri, ndipo chitunda chisapose masentimita 2 pa mita iliyonse. Sankhani njanji ya nickel silver, chifukwa yachitsulo wamba imachita dzimbiri. Musadalire tizitsulo tolumikizira njanji kuti tinyamule magetsi, timakhwepa pakapita nthawi. Wotchererani waya pa chidutswa chilichonse cha njanji n'kuulumikiza ku waya wamkulu wodutsa kunsi kwa thabwa. Polumikizira ena siyani kampata kochepa kwambiri, poti kutentha kwa mu Okutobala kumatalikitsa chitsulo.

Za magetsi tingodutsapo. Njira yakale ndi DC, ya mavolti 12: mukawonjezera mphamvu, sitima iliyonse ili pa njanjiyo imathamanga. Ya DCC imaika kachipangizo m'mutu uliwonse, kotero mutha kuyendetsa ingapo payokhapayokha. Pa thabwa laling'ono la mutu umodzi, DC ikukwana.

Kenako timiyala. Mwala weniweni wa pa njanji ndi wa masentimita pafupifupi 5, ndiye pa HO ukhale wongopitirira pang'ono theka la milimita. Ambiri amathira yaikulu kwambiri. Mchenga wa kumtsinje umagwira ntchito mukausefa ndi sefa ya tiyi, kuutsuka n'kuuyanika, koma musaiwale kudutsitsamo maginito. Mchenga wina uli ndi tizidutswa ta chitsulo, ndipo mota ya sitima idzatikokera mkati n'kuwonongeka. Yalani ndi kabulashi kofewa, nyowetsani pang'ono, kenako donthezani guluu woyera wa matabwa wosakaniza ndi madzi theka ndi theka, muli dontho limodzi la sopo wotsukira mbale kuti alowerere. Pa mphambano samalani, guluu akalowa m'zitsulo zosuntha, zauma basi.

[Pa sikirini: mabogi awiri ofanana, ina yatsopano, ina yodetsedwa]

Chomaliza ndi kudetsa, ndipo ambiri amachita mantha kuipitsa chinthu chomwe agula modula. Koma sitima yoyera mbuu imaoneka kuti ndi chidole. Musapente zakumutu, pezani chithunzi cha bogi yeniyeni muchiike patsogolo panu. Mudzaona kuti dothi lililonse lili ndi pochokera. Kunsi ndi m'mawilo mumakhala mtundu wa dzimbiri wochokera ku mabuleki. Fumbi la katondo limakwera kuchokera pansi n'kumachepa likamafika m'mwamba. Mvula imatsitsa mizere kuchokera padenga, yolunjika pansi nthawi zonse. Mutu wa dizilo umakhala ndi mwaye kuzungulira potulukira utsi ndi mafuta onyezimira pothirira dizilo. Mabogi a malasha ochokera ku Moatize, omwe amadutsa pa Liwonde, kuda kwake n'kosiyana ndi kwa bogi ya feteleza kapena ya simenti, yomwe imatuwa.

Sungunulani penti wa acrylic mpaka akhale ngati tiyi wopanda mkaka, pakani, pukutani ndi kathonje mokokera pansi. Ikauma bwerezani. Kuwonjezera n'kosavuta, kuchotsa ndiye kumavuta. Fumbi mulipanga popala choko cha pastel n'kupaka ndi bulashi youma. Pomaliza poperani vanishi wosanyezimira, mutaphimba mawindo, kuti zala zisafufute ntchito yanu. Mukatero pukutani pamwamba pa njanji ndi popondera mawilo ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, chifukwa penti ikatsalira pamenepo magetsi sadutsa.

Mukapita kukajambula zithunzi pa siteshoni, yambani mwapempha chilolezo kwa ogwira ntchito, ndipo musaime pa njanji. Mu vidiyo yotsatira tidzadula styrene limodzi, timange bogi yotsegula pamwamba ya 1:64 kuyambira pa mawilo. Tsalani bwino.